Ekizozi yatsopano pa Birkin, phokoso lilipo koma mphamvu palibe

Wowotcherera_Booysens

Akuluakulu muli bwanji kuno ku Joni. Ka funso kanga kakupita kwa amene mumagwira za magalimoto. Pa galaja pomwe ndimagwira ntchito pabwera ka Birkin, timagalimoto tija ta mipando iwiri topanda denga totengera Lotus Seven, mwini wake anakagula ku Durban kasanathe kumangidwa nkudzamalizitsa yekha kuno. Injini ndi Toyota 4AGE 1600 ya ma valve 16, makabureta awiri a Weber 40. Ekizozi yakale inadyeka ndi dzimbiri ndiye abwana anati ndipange ina, ndapanga ma branch anayi (mapaipi ochokera pa silinda iliyonse) a stainless okumana malo amodzi (4-1) kenako paipi ya 63mm kutsata mmbali mwa galimoto mpaka pa sailensa ya free flow. Kukongola kokha ndiye musakambe. Koma pamsewu zikukanika, pa maloboti kakunyamuka mwaulesi mpaka rev idutse 4500 ndi pomwe kakudzuka, ndipo ukachotsa phazi pa mafuta kakungophulika phu phu phu. Mwini wake akubwera Loweruka. Vuto ndi paipi kapena makabureta?

Mfana_wa_Mayfair

63 pa 1600 aise?? wapha back pressure, kupanikizika kwa utsi mu paipi. finya paipiyo kumapeko kapena bwezera sailensa ya stock basi zitheka

Madala_Germiston

Mphwanga wa ku Mayfair wanena zoona pa kukula kwa paipi koma za back pressure zisiyeni, palibe injini yomwe imafuna kutsamwitsidwa. Chomwe injini imafuna ndi chakuti utsi uzithamanga. Taganizani paipi yothiririra kudimba, ukafinya kukamwa madzi amathamanga, ukaika chipaipi chachikulu pa mpopi womwewo amangoyenda monyinyirika. Utsi ukamatuluka mwaliwiro umasiya kumbuyo kwake malo opanda mpweya, ndiye umakoka utsi wa silinda inzake ngakhalenso kuthandiza kuti mafuta atsopano alowe. Pa 63mm ka 1600 pa rev yotsika sikatha kudzadza paipi imeneyo, nchifukwa chake kakudzuka mochedwa. Ine ndikanaika 50mm, 57mm pokhapokha ngati injiniyo inasinthidwa ma cam.

Komanso 4-1 ndi ya anthu okhalira rev ya pamwamba, a ku mabwalo a mpikisano wa magalimoto a Zwartkops ndi Kyalami. Galimoto yoyenda mtauni imakoma ndi 4-2-1, silinda 1 ikumane ndi 4, 2 ikumane ndi 3, chifukwa injiniyi imawomba 1-3-4-2 ndiye mukaphatikiza chonchi utsi sugundana, umasinthana bwinobwino. Utali wa ma branch ufanane, asasiyane kwambiri ayi.

Tsono za kuphulikazo ndi nkhani ina. Musanakhudze kabureta yambani mwaona flange ya pa head, chitsulo chafulati chomangirira ma branch ku mutu wa injini. Stainless imapindika ndi kutentha kwa kuwotcherera, makamaka flange ikakhala yopyapyala yosafika 10mm, mumamanga mabawuti nkumaona ngati yagwira pomwe pakati pali kampata. Mpweya wakunja ukalowa pamenepo nkukumana ndi petulo wosapsa mu paipi yotentha ndiye phu phu wanuyo. Mamawa injini ili yozizira ilizeni, yendetsani dzanja pafupi ndi ma joini mumva kupemerera, kapena yang'anani timizere ta mwaye takuda mmbali mwa gasiketi. Mukapeza, flange ipite kukasalazidwa pa makina, osati kumata ndi phala lija la mu chubu, limagwa sabata isanathe.

Chinanso chomwe anthu amaiwala, Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 pomwe Durban ili pa nyanja penipeni. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, injini yopanda turbo imataya mphamvu yoposa 15 peresenti ngakhale zonse zili bwino. Ngati ma jet a mu Weber, timabowo toyeza petulo wolowa mu injini, ndi omwe anabwera nawo kuchokera kunyanja ndiye kuti kale kale inkamwa mafuta ochuluka, inu mwabwera mwasinthanso kapumidwe kake, zonse zasokonekera.

Mai_a_Junior

Ine si makaniko koma bambo a kwathu amapanga zomwezi ndipo ndinapsapo mwendo potsika mu kagalimoto ngati kameneko, chipsera chilipo mpaka lero. Achimwene musaiwale chotchinga kutentha pa sailensayo, chija cha timabowotimabowo. Ndipo phokosolo apolisi a metro sangakusiyeni, munthu wamangira kagalimoto kako bwinobwino nkumakaima mmbali mwa M1 kufotokoza.

Wowotcherera_Booysens

Madala mwalasa. Ndayang'ana pa silinda 3 pali mwaye wakuda bii, kuika rula pa flange kuwala kukudutsa pansi. Yapita kokasalaza. Abwana avomera kuti titsike pa 57 poti ndi yomwe ilipo pa shelefu, za 4-2-1 akuti mwini wake avomere kaye mtengo. Nanga ma jet ndingowachepetsa ndekha poona mtundu wa mapulagi? Mai a Junior zikomo, chotchingacho ndaika pa mndandanda.

Madala_Germiston

Mapulagi angakuuzeni pang'ono chabe mphwanga, musawadalire. Paipi ikadali pa benchi iwotchererenitu nati ya sensa ya lambda, yoyeza mpweya wa mu utsi, pomwe ma branch athera kukumana, iloze chammwamba pang'ono kuti madzi a mmawa asamakhale pa sensa, ndipo isakhale kufupi ndi kumapeto poti paipi ya mmbali ndi yaifupi, imakoka mpweya wakunja sensa nkumanama. Kenako galimoto ipite pa dyno (makina oyezera mphamvu ya injini) ndi wideband (choyezera kasakanizidwe ka mpweya ndi petulo) kwa munthu wodziwa ma Weber, alipo ndithu ku East Rand kuno ngakhale achikulire okhaokha. Poyenda wamba muzifuna mpweya chapafupi ndi magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo, mukaponda mpaka pansi chapakati pa 12.5 ndi 13, ikapitirira pamenepo uku mwaponda ndiye mwayamba kuphika ma piston. Kuphulika kukatsalako flange itakonzedwa ndiye idle jet imeneyo, ya pa rev yotsika, osathamangira main jet ya pa rev yokwera. Ndipo ikani ma rabala pomangirira sailensa ku chassis, injini imagwedezeka pomwe paipi mwaimanga gwa, stainless sichedwa kung'aluka pa joini. Mwini wakeyo muuzeni lero lomwe kuti Loweruka sizitheka, abwere sabata ya mawa.