Aloo matar yanga ikudukaduka ndikathira kirimu, ndikulakwitsa pati?

Wofunsa: Moni nonse a pagulu. Ndithandizeni pa aloo matar, ndiwo ya Amwenye ya mbatatesi ndi nsawawa. Ndikufuna msuzi wolemera, wosalala. Vuto ndi lakuti ndikathira kirimu, msuzi ukuchita timibulu ngati chambiko. Mbatatesi zikumakhala gwa m'kati pomwe nsawawa zaphwetekeratu, ndipo kukhosi kukumatsala kakuwawa. Ndimakazinga anyezi, kuthira tomato, curry powder, mbatatesi zosaphika, nsawawa, madzi ndi kirimu, n'kuvundikira mphindi 30. Ndimaphikira pa mbaula, anthu 4.

Woyankha woyamba: Achemwali, mavuto atatuwa achokera pa chinthu chimodzi: mukuika zonse nthawi imodzi, pomwe chilichonse chili ndi nthawi yake. Tomato ndi wowawasa, ndipo kuwawasako kumachedwetsa mbatatesi kufewa, komanso kumadula kirimu ikawira nthawi yaitali. Yesani motere.

Sendani mbatatesi za magalamu 500, zimakhala 4 zapakatikati, mudule zidutswa zofanana za masentimita awiri. Ziwiritseni padera m'madzi a mchere mphindi 7 kapena 8, mpeni uzilowa koma zisamanyenyeke. Khuthulani madzi.

Mu poto wokhuthala pansi tenthetsani mafuta masupuni aakulu 3. Ponyani njere za jeera (cumin) supuni ya tiyi imodzi. Zikangoyamba kuthetheka ndi kununkhira, masekondi 20 okha, thirani anyezi awiri odula bwino kwambiri. Njerezo zikada, tayani muyambenso, chifukwa kuwawa kwake sikuchoka. Anyeziyo musamuthamangitse, amafuna mphindi 10 mpaka 12 pa moto wapakati, afiire mofanana. Kenako adyo timagawo 4 ndi jinja kachidutswa konga chala chachikulu, zosinja pamodzi, mphindi imodzi.

Chotsani poto pamoto kaye musanathire zaufa: chikasu theka la supuni ya tiyi, coriander wa ufa masupuni a tiyi awiri, tsabola wa ufa theka. Takasani, thirani tomato atatu akupsa, okwecha pa gireta, ndi mchere supuni ya tiyi imodzi. Bwezerani pamoto. Pano ndi pamene ambiri amafulumira. Phikani mukutakasa mpaka madzi a tomato aphwe, mtundu ude pang'ono, mafuta aoneke akutuluka m'mbali mwa poto. Zimatenga mphindi 8 mpaka 10. Mafuta asanatuluke, masala (anyezi, tomato ndi zokometsera zili mu potomo) sanapse, ndipo ndiwoyo imamveka chiwisi.

Mukatero ikani mbatatesi, zivale masala mphindi ziwiri, muthire madzi otentha kapu imodzi ndi theka, vundikirani ziwire pang'onopang'ono mphindi 10. Nsawawa kapu imodzi zilowe kumapeto. Kirimu masupuni aakulu 4 ithireni poto ali pansi, kuwira kutasiya, pamodzi ndi garam masala (ufa wa zokometsera zosakaniza wa Amwenye) theka la supuni ya tiyi.

Woyankha wachiwiri: Zonsezi n'zoona, ndingoonjezera pa kirimu. Yang'anani paketi. Yomwe ili ndi mafuta 30% kapena kuposa, yolembedwa whipping cream, siduka msanga. Mkaka wamba uli ndi mafuta ongopitirira 3%, ndiye ukakumana ndi tomato wotentha umaduka basi. Amene muli ku UK gulani double cream, osati single, yomwe ili ndi 18% yokha. Kirimu isachoke mufiriji n'kulowa mu poto. Ithireni m'kapu, tapani msuzi wotentha masupuni awiri musakanize m'kapumo, kenako mubwezere zonse mu poto mukutakasa. Pa mbaula moto sutsika msanga, choncho phulani poto, dikirani mphindi ziwiri. Mukafuna kutenthetsanso, chepetsani makala, pangotuluka nthunzi, isabwate.

Wofunsa: Zikomo kwambiri asisi. Nanga nsawawa "kumapeto" ndi mphindi zingati? Zanga ndi zaziwisi zapamsika. Ndipo kirimu ikasowa, chambiko kapena yogati zingagwire ntchito?

Woyankha woyamba: Zaziwisi zongotongola kumene, mphindi 8 mpaka 10, ndiye zilowe limodzi ndi madzi aja. Zikakhala zokhwima, zoyamba kuyera, ziwiritseni limodzi ndi mbatatesi poyamba paja. Zamufiriji za m'paketi zimangofuna mphindi 3 kapena 4. Zouma zija zoviika usiku musagwiritse ntchito pano, zimafuna pafupifupi ola lathunthu. Soda musathire, amafewetsa khungu koma amaononga kukoma.

Woyankha wachiwiri: Chambiko ayi, ndi chowawasa kale ndipo chimaduka pomwepo. Yogati yopanda shuga, yamafuta onse, imatheka koma mwaulemu: masupuni aakulu 3, ipuntheni ndi foloko isalale, sakanizanimo ufa wa tirigu supuni ya tiyi imodzi kuti igwirane. Ithireni supuni imodziimodzi mu masala mafuta atatuluka, moto uli wochepa, musanathire madzi. Mukatero chepetsani tomato akhale awiri, apo ayi ndiwo iwawasa kwambiri.

Woyankha wachitatu: Amayi, ndisiyane pang'ono ndi anzangawa. Ku Punjab, kumene ndiwoyi imadziwika kwambiri, aloo matar ya pakhomo nthawi zambiri sathiramo kirimu. Msuzi wake umakhala wopepuka, wodyera roti (chapati) kapena mpunga. Ya kirimu ndi kaphikidwe ka m'malesitilanti. Ngati chimene mukufuna ndi kusalala, mungachipeze popanda mkaka konse. Masala akapsa, aziziritseni pang'ono, muwagaye mu blenda kapena muwasefe pa sefa mukukanikiza ndi supuni, n'kubwezera mu poto. Mbatatesi zikapsa, phwanyani zidutswa 4 kapena 5 ndi mthiko m'mbali mwa poto, mutakase. Msuzi ulemera wokha.

Njira ina ndi mtedza wa cashew, njere 12 mpaka 15. Viikani m'madzi otentha mphindi 20, gayani ndi madzi pang'ono mpaka pasakhale tinjere, thirani masala atapsa, muphike mphindi ziwiri mukutakasa osasiya chifukwa umamata pansi n'kupserera msanga. Uwu suduka ngakhale uwire. Nsinjiro za mtedza wokazinga masupuni aakulu awiri zimalemeretsanso, ku Maharashtra amathira mtedza wosinja m'ndiwo zambiri, koma kukoma kwake kumapita kwina, sikukhalanso kwa ku Punjab.

Kakuwawa kaja ndikukayikira curry powder. Amakhala ndi chikasu chambiri, ndipo ambiri amakhalanso ndi chokometsera chotchedwa fenugreek, zonsezo zimawawa zikachuluka kapena zikapserera m'mafuta. Gulani zokometsera padera m'masitolo a Amwenye, monga ku Limbe kapena ku Area 2 ku Lilongwe. Funsaninso kasuri methi, masamba ouma a fenugreek. Supuni ya tiyi imodzi yokha, yofikisa m'manja, ithireni limodzi ndi garam masala. Fungo la m'lesitilanti lija limachokera pamenepo.

Wofunsa: Nanga ikaduka kale, pali chopulumutsa?

Woyankha wachiwiri: Chilipo. Phulani poto msanga, vuulani mbatatesi ndi nsawawa muike pambale. Msuziwo ugayeni mu blenda utazizirako, kapena usefeni, muonjezere kirimu yatsopano supuni imodzi yaikulu. Bwezerani zonse pa moto wochepa. Ukalemera kwambiri, makamaka mawa lake popeza mbatatesi zimamwa msuzi, thirani madzi otentha pang'ono, osati mkaka, ndipo mulawenso mchere.