Thandizeni: mayi sakuthanso kuonera mavidiyo athu pa Plex, akuti tilipire

Bambo a Tiyamike: Abale pagulu pano ndithandizeni, mutu waima. Chaka chatha mlamu wanga anandiikira Plex, pulogalamu yoti mavidiyo ako uziwaonera pa TV kapena pa foni, pa kompyuta yakale yomwe ndinagula ku Old Town. Tinaikamo mavidiyo onse a pabanja: chinkhoswe changa, ukwati wa mchemwali wanga, kwaya ya kutchalitchi kwathu, komanso mwambo wa maliro a bambo, womwe mayi amakonda kuonera Lamulungu madzulo. Zonse zinkayenda bwinobwino. Sabata yatha mayi andiuza kuti pakumabwera uthenga woti alipire. Alipire chiyani poti mavidiyo ndi anga, kompyuta ndi yanga, magetsi ndimagula ndekha? Mlamu wangayo sakuyankha foni, tinasemphana pa ndalama za simenti, ndipo mpaka lero sanabweze hard drive yanga ya 1TB. Landilodi naye wakweza lendi, magetsi kuno ku Area 25 akungozimazima, mayi a Tiyamike akuti ndingochizimitsa chikompyutacho chifukwa chikutha mayunitsi. Ndinayesa kulipira ndi khadi koma yakana. Nditani? Mayi akudandaula tsiku ndi tsiku ndipo zikundipweteka mtima.

Yamikani K.: Achimwene, chotsani Plex lero lomwe, ikani Jellyfin, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo. Ndakhala ndikulalikira izi pagulu pano anthu n'kumandiseka. Jellyfin ndi yaulere, khodi yake ili poyera, simulowera pa akaunti ya kampani iliyonse, kulibe za pass yolipira. Inayamba mu 2018 pamene a Emby, eni pulogalamu ina yotere, anatseka khodi yawo, anthu ongodzipereka anatenga yomwe inali yotsegukayo n'kupitiriza okha. Intaneti ikaduka imagwirabe ntchito m'nyumba chifukwa mayina ndi mapasiwedi onse amakhala pa kompyuta yanu yomweyo.

Mphatso: Dikirani kaye. Mayiwo amaonera ali kuti? M'nyumba momwe muli kompyutamo kapena kwina? Pa foni kapena pa TV? Kuyambira pa 29 April 2025 a Plex anasintha malamulo. Kuonera pa netiweki ya m'nyumba mwanu n'kwaulere, koma kuonera uli kutali kumafuna Plex Pass kapena Remote Watch Pass, ziphaso zolipira za a Plex. Anayambira pa mafoni, ma TV anatsatira pambuyo, n'chifukwa chake ena zangowapeza kumene. Tiuzeni kaye komwe mayi ali.

Mayi Nabanda: Inu bambo a Tiyamike, nkhani ya alamu anu mukuiyala pagulu la anthu ambirimbiri chonchi chifukwa chiyani? Mawa mudzakhala pa mkeka umodzi pamaliro. Ankhoswe alipo, kakambiraneni kumeneko.

Dalitso: Ine zanga zinali zoopsa kuposa izi. Magetsi anazima usiku, pobwera anabwera mwamphamvu, hard drive n'kupsa. Munali ukwati wathu, ubatizo wa ana onse atatu, zithunzi za malemu agogo. Ndinazungulira nayo mashopu a ku Area 2 mpaka Bwalo la Njobvu, aliyense ankangopukusa mutu. Akazi anga sanandiyankhule sabata yathunthu. Musanakhudze chilichonse, koperani mavidiyo a malirowo pa drive ina. Plex kapena Jellyfin sizisunga kanthu, zimangoonetsa zomwe zili pa diski.

Bambo a Tiyamike: Zikomo nonse. Khadi ija ndayesanso katatu, ku banki akuti ndalama zakunja palibe, ndidikire. A Nabanda, mlamuyo ndi amene anayamba.

Kondwani: Agulireni mayi flash mubaye kuseri kwa TV, nkhani yatha. Agogo anga ku Dowa akuonera kwaya pa flash imodzi chaka chachisanu tsopano, sanamvepo zoti pass.

Gift M.: A Yamikani mumakonda kukokomeza. Ine ndinagula lifetime Plex Pass, yolipira kamodzi basi, isanakwere, inali $119.99, pa tsiku lomwe a Mphatso atchulalo inafika pa $249.99. Mwini seva (kompyuta yosunga mavidiyoyo) akakhala ndi pass, abale ake onse amaonera ali kutali osalipira kanthu. Mng'ono wanga ali ku Johannesburg amaonera za kuno popanda vuto. Remote Watch Pass inayambira pa $1.99 pamwezi. Anthu opanga mapulogalamu nawonso amadya, si kuti azigwira ntchito yathangata.

Yamikani K.: Madolawo awapeza kuti? Mwamva kuti khadi yakana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, inu mukuuza munthu wa lendi kuti azilipira mwezi ndi mwezi kuti aonere maliro a bambo ake omwe? Ndipo inayambira pa $1.99, mawa ndani akudziwa? Chinthu chomwe chinali chaulere dzulo n'kukhala cholipira lero chikhoza kusinthanso. Pa Jellyfin ngakhale hardware transcoding (kusintha vidiyo mwachangu kuti igwirizane ndi chida choonerapo) ndi yaulere, pomwe kwa inuko imafuna pass. Ine yanga ili pa kalaputopu kakale kosweka sikirini, batire yake ndi imene imagwira magetsi akazima, sikanandikhumudwitsepo.

Gift M.: Nenaninso mbali inayo. Jellyfin siikulumikiza yokha ukakhala kutali. Uyenera kutsegula port 8096 (khomo lolowera akunja) pa rauta kapena kuika reverse proxy (pulogalamu yolandira akunja n'kuwafikitsa ku seva), ndipo ambiri kuno timagwiritsa ntchito intaneti ya simu yomwe imadzera pa CGNAT, ulibe IP yakoyako yoti munthu wakunja akupezere. Mutsegula port yake iti?

Yamikani K.: Tailscale, akulu, VPN yolumikiza zida zanu mwachinsinsi pa intaneti. Ndi yaulere kwa munthu wamba, CGNAT siiletsa. Muika pa seva, muika pa foni ya mayi, basi zida ziwirizo zikuonana ngati zili m'chipinda chimodzi. Port simutsegula olo imodzi, n'zotetezeka kuposa kusiya chitseko chotsegula pa intaneti. Mphindi makumi awiri zokha.

Gift M.: Mphindi makumi awiri kwa inu. Mayi wachikulire mukawaphunzitsa kuyatsa VPN? Nanga ngati TV yawo ndi ya mtundu woti Tailscale siilowa?

Yamikani K.: Ndiye agule kabokosi ka Android TV. Chilichonse chili ndi njira yake, vuto ndi ulesi wofuna kuphikiridwa.

Mayi Nabanda: Mwayamba kutukwanizana pa nkhani ya mayi a eni ake. Ana a masiku ano.

Mphatso: Bambo a Tiyamike, ndafunsa kale, mayi ali kuti? Palibe amene angakuthandizeni osadziwa zimenezi. Dziwaninso kuti vidiyo ikamadutsa pa intaneti bandulo imadyedwa kawiri, yanu potumiza, ya mayi polandira. Pa Plex kapena pa Jellyfin, apa ndi chimodzimodzi.

Dalitso: Mwakopera kale? Chonde koperani.

Bambo a Tiyamike: Pepani ndinali kuntchito ku Kanengo, netiweki inali yovuta. Mayi sali kutali ayi, amakhala konkuno, kanyumba ka kuseri mumpanda womwewu. Kungoti Wi-Fi yathu siifika kumeneko, ndiye ndinawagulira ka MiFi kawokawo kuti TV izilumikiza.

Mphatso: Ndiye vuto ndi limenelo! Kwa Plex mayi ali kutali ngati ali ku Karonga, chifukwa ali pa netiweki ina. Gulani chingwe cha netiweki, Cat6, chimayenda mpaka mamita 100 popanda vuto. Mukoke kuchokera pa rauta yanu kukafika kwa mayi, mubaye pa TV, kapena muike karauta kakale kumeneko ngati access point, kofikitsa Wi-Fi yanu kwa mayi. Chidutsitseni mu paipi chifukwa cha mvula ndi dzuwa. Simulipira pass, ndipo bandulo ya MiFi ija mupuma kugula.

Yamikani K.: Chingwe kokani, koma Jellyfin muikebe. Ikhoza kukhala limodzi ndi Plex pa kompyuta imodzi, zonse zikuwerenga foda yomweyo. Ndikhoza kubwera ku 25 Loweruka ndidzakuikireni, mungondigulira Fanta.

Bambo a Tiyamike: Zikomo a Mphatso, chingwe ndikagula mawa. Funso lina: akaunti ya Plex ija mlamu anatsegulira pa imelo yake, pasiwedi sindikuidziwa. Akakwiya akhoza kutitsekera?