Mwana wanga akufuna kusiya sukulu, ine ndimagwira ntchito kutali, ndimulangize bwanji?

Wolemba: membala wobisa dzina

Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhawa yanga, ndithandizeni maganizo. Ndine bambo wa ana atatu. Banja langa lili ku Angónia kuno ku Mozambique, mbali ya ku Dómuè, kumudzi kwa akazi anga poti ndinakwatira chikamwini. Ine ndimagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, ndipo kumudzi ndimafikako mwa apo ndi apo, ndikapatsidwa tchuthi komanso ndalama ya chapa (minibasi) ikapezeka.

Mwana wanga woyamba ndi mnyamata wa zaka 15, ali kalasi 9. Chaka chino wayamba kujomba kusukulu. Akumapita ndi amalume ake, mlongo wawo wa akazi anga, amene ali ndi njinga yamoto yonyamulira matumba a mbatatesi ndi anthu kupita ku msika wa pa malire a Calómuè. Mwanayo walawa kandalama, tsopano akuti akamaliza chaka chino basi, sukulu yakwana. Amalume akewo akumuvomereza, akuti mwamuna adziwe kusaka ndalama akadali wamng'ono. Ndikaimba foni amandiyankha mwaulemu ndithu, "inde bambo, ndamva bambo", koma mawu anga safika mumtima.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi. Ine bambo anga sindinawadziwe. Tinathawira ku Dedza mu 1986 ndili kumbuyo kwa amayi, iwo anatsala kuti atitsatira, sanafike. Tinabwerera kwathu nkhondo itatha, pambuyo pa mgwirizano wamtendere wa ku Rome wa 1992, ndipo anandilera ndi amalume anga. Ndiye sindinaonepo mmene bambo amakhalira pansi ndi mwana wake wamwamuna. Ndimatumiza ndalama pa M-Pesa mwezi uliwonse osaphonya, yunifolomu ndi makope sizisowa. Koma ndikufuna kumusiyira zoposa ndalama. Inu amene munaleredwa ndi abambo anu, ankakuuzani chiyani, ndipo ankakuuzani motani kuti mumve? Nanga alamu angawa ndiwalankhule bwanji osayambitsa mkangano pamudzi pa eni ake?

MAYANKHO

Gogo wa ku Furancungo:
Mwana wanga, yambani ndi alamu anuwo musanayambe ndi mwana. Kwathu kuno mwini mbumba ndi malume, zimenezo inu mukuzidziwa poti nanunso anakulerani amalume. Mukangofika n'kuyamba kukalipa kuti mwana wanga asakwerenso njinga, adzakukumbutsani kuti ndinu mkamwini, ndipo mwanayo adzaima kumbali ya amene amamuona tsiku ndi tsiku. Pitani kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mukhale pansi. Muyambe ndi kuthokoza kuti akukusungirani mwana inu kulibe. Kenaka mupemphe kuti njinga ikhale ya Loweruka ndi pa tchuthi. Munthu ukamupatsa ulemu wake pamaso pa abale ake savuta kugonja.

Za bambo anga mwafunsazo, iwo sankachulutsa mawu. Ankandidzutsa mbandakucha kukadula nsungwi zolukira nkhokwe, ndipo nkhani zonse za mmene mwamuna amakhalira ndi mkazi, ngongole, mowa, ndinazimva tikuluka nkhokwe kapena tikusema mpini. Maso ali pa ntchito, makutu ali kwa bambo. Mnyamata wa msinkhu umenewo ukamukhazika pampando n'kumuyang'ana m'maso amangowerama, samva kanthu.

Mayi wa ana anayi, Ulónguè:
Achimwene, ndifunse nawo. Mukaimba foni mumaimbira ndani, ndipo mumalankhula za chiyani? Amuna anga nawonso amagwira ntchito ku Tete. Kale akaimba zinkangokhala "ndalama yafika?", "feteleza mwagula?", kenaka "mupatseni foni uyo" pamene mwana walakwa. Mwana anafika poti akamva kuti bambo ali pa foni amathawira kudimba. Muziimbira mwanayo payekha tsiku limene sanalakwe chilichonse. Mufunseni mtengo wa thumba la mbatatesi sabata ino, mufunseni za msewu, za anzake. Aone kuti zimene akudziwa inu mukuziwerengera. Ndiponso amayi ake mwawafunsa maganizo awo? Iwo ali pakati pa mlongo wawo ndi mwamuna wawo, mwina akuvutika kuposa inu koma akusowa ponenera.

Mnyamata wa kabaza:
Bambo, ine ndinasiya sukulu chifukwa cha njinga yomweyi ndiye ndikuuzeni zoona. Ndalama imaoneka yambiri madzulo ikakhala m'thumba. Chotsani mafuta, chotsani ya mwini njinga, matayala, tcheni, ndiye nthawi ya mvula misewu ya ku Tsangano ndi ku Dómuè imaterera moti tsiku lina umangokhala. Apolisi akakupeza ulibe chiphaso choyendetsera, ya sabata yonse yapita. Mnzanga anathyoka mwendo atanyamula matumba, lero ali pakhomo. Musamuletse ndi ukali. Mugulireni kope, mumuuze kuti mwezi wathunthu azilemba yolowa ndi yotuluka, kenaka muwerengere limodzi. Ine akanandichitira zimenezo bwenzi ndikadali m'kalasi.

Mphunzitsi wa ku sekondale:
Ndikuwonjezera pa zimene wanena mnyamatayu. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndiye ana ambiri amaganiza kuti pamenepo ndiye pothera. Mwana wanu akufunika kuona kumene msewu ukupita. Akamaliza kalasi 9 angathe kupitiriza mpaka 12, kapena kulowa sukulu ya ntchito zamanja n'kuphunzira umakaniko kapena zamagetsi. Ku Ulónguè komweko kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico kumene amaphunzitsa za migodi. Ngati amakonda injini, musalimbane nacho chikondi chimenecho, chigwiritseni ntchito. Pa tchuthi cha Disembala mutengeni apite nanu ku Moatize, akaone anthu amene amakonza magalimoto akuluakulu aja, awafunse yekha kuti anaphunzira mpaka pati. Ndiponso mukabwera kumudzi mukafike kusukulu kwake mukaonane ndi aphunzitsi. Abambo amene amafika kusukulu ndi owerengeka, ndipo mwana amasintha akadziwa kuti bambo ake amadziwana ndi aphunzitsi ake.

Bambo wina wa ku Moatize:
Ine ndikuona kuti mukuzungulira. Mwana ndi wanu, mumudyetsa ndinu. Mutengeni adzakhale nanu kuno, sukulu ziliko. Za umalumezi n'zakale.

Mayi wa ana anayi, Ulónguè:
Bambo inu, adzakhala ndi ndani mnzanuyo akalowa ntchito ya usiku? Mnyamata wa zaka 15 yekha m'nyumba ya lendi m'tauni, kopanda amayi ake, kopanda munda? Kumeneko ndiye kumutaya. Ndiponso kumuchotsa mokakamiza kudzaswa banja.

Mkulu wa mpingo, Zóbuè:
Mbale wanga, mwanena kuti mulibe chimene munatengera kwa bambo anu. Ine ndikuona kuti muli nacho chachikulu. Kodi mwana wanuyo mbiri yanu amaidziwa? Ambiri a ife amene tinakulira kothawa nkhondo, ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, sitiwauza ana athu. Timati zinapita. Ana akukula osadziwa kuti agogo awo anali ndani, mfunda wawo ndi wotani, anasowa bwanji, ndiponso kuti ife sukulu tinaiyamba mochedwa, ena pansi pa mtengo. Muuzeni zonsezo, osati momuopseza kapena kumuchititsa manyazi kuti iwe uli pabwino. Mungomuuza monga munthu wamkulu mnzanu. Muuzeninso zimene amalume anu anakuchitirani, kuti aone kuti simukudana ndi amalume ake. Ngati amayi anu ali moyo, pitani naye akamve kuchokera pakamwa pawo.

Wolemba:
Zikomo nonse, ndawerenga lililonse. Amayi a ku Ulónguè, usiku wathawu ndalankhula ndi akazi anga nthawi yaitali, ndipo nawonso sakufuna kuti mwana asiye sukulu, ankangoopa kutsutsana ndi alongo awo poti ndi amene amawathandiza kunyamula zokolola. Tagwirizana kuti ndikabwera kumapeto kwa mwezi tiitane ankhoswe monga anenera agogo a ku Furancungo. Kope ndigula konkuno. Amayi anga alipo, akukhala kufupi ndi Lifidzi, ndipita naye mnyamatayo. Chimene ndikufunsabe n'chakuti, pa zokambirana ndi alamu angazo mwanayo akhalepo, kapena tiyambe akuluakulu tokha?

Gogo wa ku Furancungo:
Yambani nokha. Mukagwirizana, mumuitane, ndipo amene ayambe kumuuza akhale amalume akewo, inu mutsatire pambuyo.