Owerenga agawanika pa buku la ndalama za chipepeso, osindikiza akudikira

Mkonzi_Zomba: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi buku la nkhani yofufuza koma yoseketsa, ndalama za chipepeso zasowa pa siwa, wofufuza ndi mlembi wa mpingo wogontha khutu limodzi. Tinapereka kwa anthu kuti alawe. Achinyamata akuti aseka mpaka nthiti kuwawa koma wakubayo anamutulukira pa chaputala 3. Amayi a ku mpingo sanamalize n'komwe, ati maliro saseweretsa. Leyauti (kayalidwe ka masamba) yatha, masamba 128, ISBN (nambala yolembetsera buku) tinatenga kale ku National Archives, osindikiza akufuna PDF Lachisanu. Mwini buku akukana kusintha ngakhale liwu limodzi. Ndiyambire pati?

Aphunzitsi_opuma: Mayi, chotsani nthabwala za pa siwazo basi. Palibe sukulu ingagule buku loseka maliro.

Wa_pa_makina: Achemwali, chilichonse mungachite musakhudze 128 ameneyo. Ndi magawo 8 a masamba 16 ndendende. Mukawonjezera masamba awiri okha mtengo usintha, msana wa chikuto uyezedwanso. Wina anatipeza mapuleti osindikizira titawotcha kale, ati mwini buku walota mathero ena usiku. Analipira kawiri, mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali.

Mlembi_wa_Area25: Za wakuba kudziwika msanga, musayerekeze kumuchotsa koyambirira kuti mumubise. Ronald Knox, mlembi wa nkhani zofufuza wa ku England, analemba kale mu 1929 kuti wolakwa ayenera kutchulidwa kumayambiriro kwa nkhani, apo ayi owerenga amati mwawabera. Taonani ngati wakubayo si yekhayo amene mwini buku sakumuseka. Aliyense akamachita zopusa wina n'kukhala phee waulemu, owerenga amamuloza nthawi yomweyo. Mupatseni kachopusa kakenso, mizere iwiri itatu, masamba sasuntha.

Aphunzitsi_opuma: Zonsezo n'zabwino koma ine ndanena za siwa.

Mayi_wa_laibulale: Bambo, kodi kumanda adzukulu saseka? Nanga asuweni aja amavala malaya a malemu n'kumayenda ngati iwo? Nkhani ndi yoti akusekedwa ndani. Ngati ndi mkulu wowerenga mndandanda wa chipepeso mokokomeza, asiyeni. Koma mayi wamasiye ali m'nyumba ya siwa musamukhudze, pamenepo amayi aja sakunama. Komanso kwathu kuno mabuku otere amabwerako wina atalemba dzina la wakuba ndi bolopeni pa tsamba loyamba. Lina ndinachita kumata pepala, ana anamatula.

Mlembi_wa_Area25: Kkkk ameneyo ndiye mlandu wofunika wofufuza.

Wa_pa_makina: Chinanso, ngati muli nyakwawa kapena m'busa m'nkhanimo, mufunseni mwini buku ngati sanatengere munthu weniweni wa kwawo. Kusintha dzina kokha sikuthandiza, a m'mudzimo amamuzindikira ndi kayendedwe. Mlandu ukabuka amaitana wosindikizanso.

Mayi_wa_laibulale: Ndipo musadalire achinyamatawo kwambiri. Awo anazolowera mafilimu a apolisi, amakayikira aliyense. Mwawafunsa kuti anamudziwa ndi chiyani, kapena anangoponya?

Aphunzitsi_opuma: Ndaphunzitsa Chichewa mpaka kupuma, ndikudziwa chimene makolo amabweza. Siwa ichoke.

Wa_pa_makina: Akulu, akachotsa siwa ndalamazo zibedwera kuti?

Aphunzitsi_opuma: Pa chinkhoswe. Kapena pa perekaniperekani, ndalama zimasowa kumeneko tsiku lililonse.

Mlembi_wa_Area25: Limenelo ndi buku lina bambo, lembani inuyo.