Ndimugule ndani chambo? Ndithandizeni nzeru

Mayi wa lesitilanti, Mangochi Boma:
Abale anga, ndili ndi kamalo kodyera pafupi ndi mlatho wa Shire. Anthu awiri akufuna kumandibweretsera nsomba. Woyamba ndi wotchipa, koma dzulo m'beseni mwake munadzaza kasawala (tiana ta chambo), tina tosafika n'chikhatho changa. Mtima unandiwawa. Winayo amadula, koma chambo chake n'chachikulu. Inu mumasankha bwanji?

Bambo wa ku Makawa:
Mayi, mtengo musauyike patsogolo. Ine ndimalemba mu kope zinthu zinayi: kukula kwa nsomba, ukonde womwe amagwiritsa ntchito, kusunga nthawi, kenako mtengo. Aliyense ndimamupatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 5, koma a ukonde ndimawawerenga kawiri. Wogwira ndi neti ya udzudzu ndimamusiya pomwepo, ngakhale atsitse bwanji. Kasawalayo ndiye chambo cha chaka chamawa.

Mayi wa lesitilanti:
Zikomo bambo. Nanga ukondewo ndiudziwa bwanji ndili kukhitchini?

Bambo wa ku Makawa:
Lawirirani tsiku lina mukafike padoko, muone ndi maso. Afunseninso a komiti ya BVC (komiti ya m'mudzi yoyang'anira usodzi pagombe), amawadziwa asodzi onse a pagombe lawo.

Mlongo wanu wa ku Malindi:
Achemwali, muyeseninso mu Novembala ndi Disembala, nyanja ikatsekedwa kuti chambo chiswane. Akabwera ndi beseni lodzaza nthawi imeneyo, mufunseni bwino komwe wazitenga. Ine miyezi imeneyo ndimagula cha m'madamu, ndipo makasitomala ndimawauza poyera.