Kodi chipani cha mipando iwiri chinafika bwanji polamulira India yense?

Wa nsalu, Kamwala

Ndikupereka moni kwa akuluakulu nonse. Ndagwira ntchito m'sitolo ya nsalu kuno ku Kamwala kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo abwana anga ndi Mhindu amene makolo awo anachokera ku Gujarat, chigawo china cha India. Pa 22 Januwale 2024 sanakhudze sizasi tsiku lonse. Anakhala kuseri kwa kauntala maso ali pa foni, kuonerera mwambo wotsegulira kachisi wa Ram, mulungu wa Ahindu, mumzinda wa Ayodhya ku India, ndipo madzulo anayatsa tinyale tadothi pakhomo, natigawira maswiti antchito tonse. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti bambo a sitolo yoyandikana nafe, amene ndi Msilamu wochokeranso ku Gujarat ndipo amamwa tiyi ndi abwana anga m'mawa uliwonse, sanabwere tsiku limenelo ngakhalenso mawa lake.

Pambuyo pake ndinamva pa wailesi kuti chipani cha BJP, chimene chinalimbikira za kachisiyo, chinapeza mipando iwiri yokha pa masankho a 1984. Ndikupempha odziwa mbiri andithandize: chinakwera bwanji mpaka kulamulira dziko lalikulu chotero? Nanga Ahindu, amene ndi anthu pafupifupi 80 pa 100 aliwonse m'dzikomo, angaope chiyani kwa anzawo ochepa?

Mphunzitsi wopuma, Chilenje

Achimwene, mukayambira pa 1984 mwayambira pakati pa nkhani. Muzu wake uli m'chaka cha 1923, pamene Vinayak Damodar Savarkar, munthu amene atsamunda a ku Britain anamusunga zaka khumi m'ndende ya pa zilumba za Andaman, anatulutsa kabuku kofotokoza chimene anachitcha Hindutva. Iye sanali munthu wopembedza kwambiri, ndipo funso lake silinali lakuti munthu amapemphera bwanji koma lakuti dziko ndi la yani. Yankho lake linali lakuti mwini dziko ndi amene India ndi dziko la makolo ake komanso dziko lopatulika la chipembedzo chake. Muyeso umenewu umalowetsa Asikh, Ajain ndi Abuda, koma umasiya Asilamu ndi Akhristu pakhonde, chifukwa malo awo opatulika ali ku Mecca ndi ku Yerusalemu, ngakhale makolo awo atakhala ku India kuyambira kalekale.

Maganizo okha sapambana masankho. Mu 1925 dokotala wina wa ku Nagpur, K. B. Hedgewar, anayambitsa bungwe la Ahindu lotchedwa RSS, ndipo mphamvu yake ili m'kachinthu kooneka kakang'ono kotchedwa shakha. Amuna ndi anyamata a m'dera limodzi amakumana pabwalo kwa ola limodzi, amakweza mbendera yawo yachikasu chofiirira, amachita masewera olimbitsa thupi, amaphunzira kugwira ndodo, amaimba ndi kumva phunziro lalifupi, kenako aliyense amapita ku ntchito yake. Mawa lake abweranso. Ena mwa iwo amadzipereka moyo wonse, osakwatira, n'kumatumizidwa kulikonse kumene bungwe lafuna. Amenewa amatchedwa pracharak, ndipo Narendra Modi, amene anadzakhala nduna yaikulu ya India mu 2014, anali mmodzi wa iwo asanalowe ndale. Ife amene tinaona nthambi za UNIP m'makomboni tikudziwa chimene munthu wokhala ndi kabuku ka maina a anthu a m'dera lake angathe kuchita, koma kusiyana kwake n'kwakuti nthambi za UNIP zinkadya kuchokera m'boma, pomwe shakha inakula boma likuiyang'ana ndi diso lofiira.

Pa funso lanu la mantha, kumbukirani kugawidwa kwa dziko mu 1947, pamene Pakistan anadulidwa ku India, anthu mamiliyoni ambiri anathawa m'midzi yawo ndipo mazana a zikwi anaphedwa. Bala limenelo ndilo amalikanda kufikira lero, pamodzi ndi nkhani za mafumu achisilamu akale amene anagwetsa akachisi. Pa 30 Januwale 1948 Nathuram Godse, amene anakulira m'magulu omwewa, anawombera Mahatma Gandhi pomunena kuti ankakondera Asilamu. RSS inaletsedwa mpaka 1949, ndipo manyazi a imfa imeneyo anaitsekera kunja kwa ndale zolemekezeka kwa zaka zambiri. Chipani chake choyamba, Bharatiya Jana Sangh cha 1951, chinali chaching'ono. Chimene chinawasambitsa ndi Indira Gandhi, nduna yaikulu ya chipani cholamula cha Congress, yemweyo amene anabwera kuno ku Mulungushi pa msonkhano wa maiko osatenga mbali mu 1970. Atalengeza ulamuliro wadzidzidzi mu 1975 n'kutsekera otsutsa m'ndende, anthu a RSS anamangidwa pamodzi ndi ena onse, ndipo anatuluka mu 1977 akutchedwa omenyera ufulu. Atal Bihari Vajpayee anakhala nduna yoona za kunja m'boma la Janata, mgwirizano wa otsutsa umene unagonjetsa Indira, ndipo boma limenelo litasweka, iye ndi L. K. Advani anayambitsa BJP mu 1980.

Mayi wa malamulo, Kabwata

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndikuona kuti apereka ulemu wochuluka kwa shakha. Shakha inalipo zaka pafupifupi 60 pamene chipanicho chinapeza mipando iwiri ija, choncho payenera kuti panali china chimene chinatsegula chitseko. Kwa ine, amene anachitsegula ndi a Congress eni ake.

Mu 1985 khoti lalikulu linagamula kuti Shah Bano, mayi wachikulire wachisilamu amene mwamuna wake anamusudzula, azilandira ndalama za chisamaliro. Atsogoleri ena achisilamu atakwiya, boma la Rajiv Gandhi linakhazikitsa lamulo mu 1986 lofooketsa chigamulocho. M'chaka chomwecho maloko a mzikiti wa Babri ku Ayodhya, umene Ahindu ambiri amakhulupirira kuti unamangidwa pamalo pamene Ram anabadwira, anatsegulidwa kuti Ahindu azipembedzeramo. Boma linafuna kusangalatsa mbali zonse ziwiri, koma linangopatsa a BJP nyimbo yoti chipani cholamula chimagula mavoti a Asilamu. Pa masankho a 1989 mipando iwiri ija inasanduka 85.

Chinanso chimene sitiyenera kuchilumpha n'chakuti Ahindu si gulu limodzi. Amagawanika m'magulu obadwa nawo, ena apamwamba, ena apansi, ndipo ena ankaonedwa ngati osayenera kukhudzidwa n'komwe. Mu 1990 nduna yaikulu V. P. Singh analengeza kuti malo 27 pa 100 aliwonse a ntchito za boma asungidwira magulu otsalira, malinga ndi lipoti la komiti ya Mandal, ndipo zimenezi zikanagawa mavoti a Ahindu pakati. Patangopita milungu yochepa, Advani anakwera galimoto yokongoletsedwa ngati galeta la m'nthano zawo, kuchokera ku Somnath kulowera ku Ayodhya. Anamangidwa ku Bihar asanafike, koma uthenga unali utafika kale: iwalani za wapamwamba ndi wapansi, tonse ndife a Ram. Apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu la mantha, a Kamwala. Anthu 80 pa 100 amene savota pamodzi sapindulitsa wandale, ndipo njira yachidule yowasonkhanitsira ndiyo kuwalozera mdani mmodzi. Mu 1991 mipando inafika 120, ndipo pa 6 Disembala 1992 khamu la anthu linagwetsa mzikitiwo ndi nyundo ndi zitsulo, zipolowe zotsatira zake n'kupha anthu pafupifupi 2,000.

Mkulu wa mpingo, Matero

Ndawerenga zonsezi mtima ukugunda, chifukwa ifenso pa 29 Disembala 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko. Ine ndinali mmodzi wa amene anaomba m'manja, ndipo sindinasinthe. Kodi tingawadzudzule bwanji Ahindu pofuna chimene ife tinachita kale?

Ndiponso sindikhulupirira kuti aliyense wovotera Modi amadana ndi Asilamu. Mayi wa kumudzi amene walandira chitofu cha gasi, chimbudzi, akaunti ya ku banki ndi makilogalamu 5 a tirigu kapena mpunga mwezi uliwonse ali ndi zifukwa zake, monga mmene mlimi wa ku Katete amavotera amene wamubweretsera feteleza pa nthawi yake. Mu 2014 anthu analinso atatopa ndi nkhani za katangale m'boma la Congress.

Mphunzitsi wopuma, Chilenje

Akulu a mpingo, pa mfundo yanu yachiwiri ndikuvomereza, ndipo manambala akuikira umboni. Mu 2014 BJP inapeza mipando 282 mwa 543 ndi mavoti 31 okha pa 100 aliwonse, ndipo mu 2019 inapeza mipando 303 ndi mavoti pafupifupi 37 pa 100. Ahindu ochuluka zedi sanaivotere, makamaka kumwera, ku Kerala ndi ku Tamil Nadu. Masankho awo ali ngati athu a aphungu, wotsogola ndiye watenga mpando, choncho otsutsa akagawanika gulu logwirizana limakolola zambiri.

Pa mfundo yoyamba ndikupempha tisiyanitse. Malamulo athu amanena kuti dziko ndi lachikhristu koma m'chiganizo chomwecho amateteza ufulu wa chipembedzo wa munthu aliyense, ndipo mizikiti ya ku Chipata ndi ya ku Kamwala ili chiimire. Ku India n'zotembenuka: malamulo amanenabe kuti boma silikondera chipembedzo, mawu amene anawonjezedwa mu 1976, koma zochitika zikupita kwina. Mu 2002, Ahindu 59 atapsera m'sitima ku Godhra, zipolowe za ku Gujarat zinapha anthu oposa 1,000, ambiri mwa iwo Asilamu, Modi ali mtsogoleri wa chigawocho. Ofufuza amene khoti lalikulu linawasankha sanapeze umboni womuzengera mlandu, koma mkangano wake sunathe. Mu 2019 mokha, Kashmir, chigawo cha Asilamu ambiri, anachotseredwa udindo wake wapadera mu Ogasiti, khoti linapereka malo a Ayodhya kwa Ahindu mu Novembala ngakhale linavomereza kuti kugwetsa mzikiti kunali kuphwanya lamulo, ndipo mu Disembala kunabwera lamulo lofulumizitsa unzika kwa othawa ku Pakistan, Bangladesh ndi Afghanistan a zipembedzo zisanu ndi chimodzi, Asilamu okha osatchulidwa. Muyeso wa Savarkar uja unali utafika m'buku la malamulo.

Mayi a ku Kabwata akunena zoona kuti Congress inatsegula chitseko, koma ndikuumirirabe kuti chitseko chikatseguka amalowa ndi amene anali kale pakhonde, ndipo pakhondepo panali shakha.

Wa nsalu, Kamwala

Zikomo kwambiri nonse. Ndawonjezapo chimodzi chimene ndinachiona ndekha. Mu Juni 2024, zotsatira za masankho zikutuluka, abwana anga anakhalanso pa foni tsiku lonse, koma maswiti sanagawe. BJP inatsika kufika pa mipando 240, inafunika zipani za Chandrababu Naidu ndi Nitish Kumar kuti ipange boma, ndipo inaluza ngakhale mpando wa Faizabad, dera limene muli kachisi wa Ayodhya. Tsiku limenelo bambo a sitolo yoyandikana ndi amene anabwera ndi fulasiki ya tiyi, ndipo awiriwo anakambirana za mtengo wa dola ndi kontena ya chitenje imene inachedwa pa Nakonde.