Mafuta a sopo ogula ambiri nthawi imodzi tiwasunge bwanji?

Anzanga opanga sopo kuno ku Chipata, Katete ndi Petauke, ndithandizeni nzeru. Mafuta a mpendadzuwa ochokera kokamitsa amabwera ndi nsenga pansi. Kuwasiya masiku anayi kuti adikhe, kenako kusefa kawiri ndi nsalu yothina, kumathandiza. Koma kodi zimenezi n'zokwanira kuti apirire kutentha kwa Okutobala? Kadontho ka madzi kapena dzimbiri la m'diramu amafulumizitsa fungo loipa, ndipo sopo wake amatuluka timadontho tachikasu. Nanga zigubu za pulasitiki za malita 20, zouma bwino, zodzaza mpaka kukhosi ndi zoikidwa mumdima, zimasunga miyezi ingati?

Chondivuta kwambiri ndi kusakaniziratu mpendadzuwa ndi mafuta a ng'ombe osungunula. Kuzizira kwa Juni kukafika, a ng'ombe amaundana n'kukhala pansi. Ukatunga apamwamba okha, caustic soda (mankhwala osandutsa mafuta kukhala sopo) yomwe unayezera mafuta osakaniza imachuluka, chifukwa kilo ya mpendadzuwa imafuna pafupifupi magalamu 135 pamene a ng'ombe amafuna oposerapo, ndipo sopo amawawa pakhungu. Inu mumatenthetsa chigubu chonse n'kuvundula musanayeze, kapena mumasunga padera?